Amalume, Ine Ndikanakhala Ndani?

Achemwali anga amakhala ku Virginia, ndipo ana awo awiri sapita kusukulu. Musadabwe, si kujomba ayi. Amaphunzira pakhomo, patebulo lodyera lomwelo, ndipo aphunzitsi ndi mayi awo. Lamulo la ku Virginia linavomereza zimenezi mu 1984. Ine ndinkangoti ndi zachizungu basi, mpaka tsiku limene ndinawaperekeza ku Colonial Williamsburg.

Malowa ndi myuziyamu, koma osati ya chipinda chimodzi chokhala ndi mikondo m'magalasi. Ndi tawuni yathunthu. Williamsburg inali likulu la Virginia kuyambira 1699 mpaka 1780, pamene boma linasamukira ku Richmond. Tawuniyo inatsala ikungowodzera. Mu 1926 m'busa W.A.R. Goodwin anakopa mpondamatiki John D. Rockefeller Jr. kuti aikepo ndalama zokonzera nyumba zakale ndi kumanganso zomwe zinagwa. Lero ogwira ntchito kumeneko amavala ngati anthu a m'zaka za m'ma 1700, ndipo pali masiku apadera pamene mabanja ophunzitsa ana pakhomo amalowa pamtengo wotsikirako.

Ana anasangalala, inu. Anaima nthawi yaitali kwa wosula zitsulo, nkuseka mpaka misozi kwa wopanga mawigi. Palibe belu lowathamangitsa, palibe basi yowadikira. Apa ndiye ndinaona ubwino wake: mwana akafuna kufunsa kakhumi, amafunsa.

Zinthu zinasintha titafika kunyumba ya Peyton Randolph, mtsogoleri woyamba wa Continental Congress. Tinamva kuti pakhomopo pankakhala akapolo oposa 20, ophika, ochapa, osamalira akavalo. Mtsikana wa achemwali, wa zaka 9, anandikoka malaya.

"Amalume, ine ndikanakhala kuno nthawi imeneyo, ndikanakhala ndani?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Ndinayang'ana achemwali, iwonso akundiyang'ana.

Yankho lilipo, koma ndi lowawa. Nkhondo yofuna ufulu wa America ikamayamba, theka la anthu a mu Williamsburg anali akuda, ndipo ambiri mwa iwo anali akapolo. Amuna omwe ankafuula za ufulu m'nyumba ya malamulo ankabwerera kwawo kukadya chakudya chophikidwa ndi anthu omwe iwo ankawawerengera pamodzi ndi katundu. Kwa zaka zambiri myuziyamuyi sinkanena zambiri za anthu amenewa. Mu 1979 ndi pamene inayamba kulemba ntchito anthu akuda oti azifotokoza moyo wa akapolo. Mu 1994 anachita sewero la msika wogulitsa anthu, ndipo mabungwe ena omenyera ufulu wa anthu akuda anachita zionetsero, kunena kuti ululu wa makolo awo si chionetsero. Ena anati kubisa ndiye koipa kwambiri. Mkanganowo ndimaumvetsa mbali zonse ziwiri.

Palinso nkhani ya Bray School. Kuyambira 1760 mpaka 1774, mayi wina dzina lake Ann Wager ankaphunzitsa ana akuda kuwerenga m'tawuni yomweyi. Zikumveka bwino, eti? Koma cholinga cha eni sukuluyo chinali choti anawo aphunzire Chikhristu ndi kuvomereza ukapolo wawo. Nyumba yake inazindikirika posachedwapa, ndipo mu 2023 anainyamula yonse nkuisamutsira m'dera la myuziyamu. Ndiye kuti funso loti mwana aphunzire chiyani, ndipo asankhe ndani, si la lero m'tawuni imeneyi.

Apa ndi pamene pagona nkhawa yanga. Kholo lophunzitsa pakhomo lili ndi mphamvu zonse. Likhoza kupita ndi mwana kwa wosula zitsulo, kumugulira chipewa cha nsonga zitatu, nkulambalala khitchini ya akapolo. Palibe amene angalifunse. Chimene kholo likuopa kunena, mwana sadzachimva.

Achemwali sanalambalale. Anagwada, nkumuuza mwanayo kuti mwina akanakhala mmodzi mwa otunga madzi pakhomopo, wopanda malipiro, woti akhoza kugulitsidwa kutali ndi mayi ake. Mwanayo sanalire. Anangofunsa ngati ana amenewo mayina awo akudziwika.

Pobwerera m'galimoto ndinawauza za John Chilembwe, yemwe anabwera ku America mu 1897 nkuphunzira ku Lynchburg, mu Virginia momwemu, asanabwerere ku Chiradzulu mu 1900 kukatsegula mishoni ndi sukulu. Ndinawauzanso za Nkhotakota, kumene a Jumbe ankawolotsa akapolo panyanja. Anandifunsa zambiri, ndipo mayankho anandithera msanga.

Manyazi anandigwira. Myuziyamu ya ku Chichiri ndailambalala kosawerengeka ndili mu minibasi, koma ndinalowamo kamodzi kokha, paulendo wa sukulu, maganizo ali pa kamba wanga. Ndawalonjeza anawa kuti akabwera kumudzi tidzapita limodzi. Ndiyenera kukalowamo ndekha kaye, asanabwere.