Mkazi Akasowa pa Khombedza

Tiyerekeze kuti wina mwa ife akufuna kulemba buku la nkhani yamakedzana: mkazi wasowa pa Khombedza cha m'ma 1880, ndipo mudzi wonse ukuloza chala mwamuna wake. Mlembiyo asathamangire kubwereka wapolisi wa m'mabuku a ku London, pakuti boma la Angerezi linadza mu 1891. Ayambe wafunsa kuti mlandu wotere unkazengedwa bwanji.

Choyamba, mwamunayo ndi mkamwini. Mwa Achewa mkazi ndi ana ake ndi mbumba ya mlongo wake. Mwamuna ndi mlendo wodzalima ndi kubereka. Mkazi akapita kumadzi osabwerako, ankhoswe akadali m'njira, mlandu wagwera kale munthu wopanda abale pamudzipo.

Chachiwiri, wofufuza wamkulu anali mwavi, khungwa la mtengo lomwe ankalisinja ndi kulisungunula m'madzi. Wosanza ankayera, wakufa ankatsutsika. Nthawi zina ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu. Mwavi unkatseka mlandu, koma sunkanena kumene mkazi ali.

Nanga anali kuti? Khombedza ali pa njira yochokera ku Salima kunka ku Nkhotakota, kumene Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika cha m'ma 1840. Kuchokera kumeneko zombo zinkaolotsa akapolo nyanja, iwo nayenda pansi mpaka ku Kilwa. Livingstone anaziona yekha izi mu 1861. Kumapiri a Dowa nako Angoni a Chiwere ankatsika kudzagwira anthu. Komanso si onse ogwidwa amene ankaoloka: akazi ambiri ankasungidwa nakwatiwa m'midzi ya owagwira. Tsono n'kutheka kuti pamene mwamuna ankagwa ndi mwavi, mkazi wake anali moyo, akusinja pakhomo la eni, mtunda wa masiku awiri okha.

Ujumbe unatha m'ma 1890, ndipo lamulo la 1911 linaletsa mwavi. Koma osowawo sanalembedwe m'kaundula aliyense.

Apa ndiye pagona ntchito ya mlembi. Buku lachizungu limatha wolakwa atagwidwa. Lathuli lingathe mwana wa mkamwini uja, atamera imvi, akumva gogo wina ku Nkhotakota akutchula mfunda wa amake. Tisaiwalenso kuti amuna ena ankagulitsadi anthu a m'nyumba mwawo. Mlembi wanzeru asamuyeretse msanga mkamwiniyo.