Chipinda chimodzi chokha cha moto

Juni wafika. Ife opita ku Misa yoyamba tikudziwa mmene mabenchi amazizirira, ndipo kunyumba funso ndi limodzi: kodi thumba la makala lifika kumapeto a mwezi? Sabata ino tiyeni tibwerere m'mbuyo zaka zoposa 800, tikaone mmene akhristu anzathu a dziko lozizira kuposa Dedza ndi Bembeke ankasamalira nkhuni zawo.

M'chaka cha 1132 amonke 13, amuna odzipereka kwa Mulungu m'mapemphero ndi m'ntchito, anachoka m'nyumba yawo mumzinda wa York ku England pofuna moyo wosalira zambiri. Mu Disembala, chisanu chili pachimake, Arkiepiskopi Thurstan anawapatsa malo m'chigwa cha mtsinje wa Skell. Pamenepo ndi pamene panadzamangidwa nyumba ya Fountains, ya chipani chimene chinayambira ku Cîteaux m'dziko la France mu 1098.

Nyumbayo inadzakula kwambiri, yonse yamiyala. Koma m'tchalitchi munalibe moto, ngakhale amonke ankadzuka pakati pa usiku kukaimba Masalmo. Mogona munalibe moto, modyera chimodzimodzi. Kupatula kukhitchini ndi kogona odwala, moto unkayaka m'chipinda chimodzi chokha, chootheramo. Nawonso sunkayaka chaka chonse ayi: ankausonkha pa tsiku la Oyera Onse, pa 1 Novembala, ndi kuuzimitsa pa Lachisanu Loyera. Chikazizira mu Okutobala, munthu ankangopirira.

Chimene chimatikopa ife ndi nzeru za kamangidwe kake. Chipinda chodyera anachiika pakati, khitchini mbali ina, chootheramo mbali inayo, kotero kuti makoma ake awiri ankagundana ndi zipinda za moto. Pamwamba pa chootheramo anamangapo chipinda chosungira makalata a minda ndi a katundu, kuti kutentha kokwera m'mwamba kuziwateteza ku chinyezi. M'chootheramo momwemo ankapaka mafuta nsapato zawo, ndipo kanayi pa chaka ankachotsedweramo magazi, monga mmene asing'anga a nthawiyo ankakhulupirira kuti zimathandiza thupi. Chikuni chimodzi chinkagwira ntchito zitatu kapena zinayi chisanasanduke phulusa.

Nanga nthawi yotsalayo? Malamulo a Benedict Woyera, olembedwa m'zaka za m'ma 500, anali atanena kale kuti zovala ziperekedwe molingana ndi nyengo ya dera, zochindikala m'nyengo yozizira ndi zopepuka m'nyengo yotentha, ndiponso kuti amonke azigona atavala. Ankafunditsa munthu, osati nyumba.

Tisawakometse mopitirira. Anthuwa ankavutika nacho chisanu, ndipo chuma cha ubweya wa nkhosa chitachuluka, akuluakulu a nyumba zoterezi anayamba kudzimangira zipinda zawozawo zokhala ndi moto wakewake. Mtima wa munthu ndi womwewo kulikonse. Mu 1539 Mfumu Henry VIII inatseka nyumba ya Fountains, ndipo lero kwatsala mabwinja amene alendo amakaona.

Tikamawerenga zimenezi sitikuona zachilendo kwenikweni. Agogo athu sankasonkha moto m'nyumba iliyonse ya pakhomo. Moto wophikira nsima ndi womwewo wootha, ana atauzungulira, mbatata ili m'phulusa, nthano zili mkati. Denga la udzu ndi khoma lochindikala la dothi zinkasunga kutentha mu Juni ndi kukaniza dzuwa mu Okutobala, khonde likutchinga khoma. Malata anatipulumutsa ku kudontha ndi ku ntchito yofolera chaka ndi chaka, ndipo palibe mwa ife amene akufuna kubwerera. Koma malata opanda siling'i ndi ng'anjo masana, ndi madzi ozizira m'bandakucha. Ndalama imene tinapulumutsa pa udzu tikuilipira pa makala, ndipo mapiri athu ometeka ndiwo akulipira yotsalayo. Siling'i ya mphasa kapena ya nsungwi, kutseka mipata ya pansi pa chitseko, ndi mtengo wa mango kumadzulo kwa nyumba, zonsezi sizidya ndalama mwezi ndi mwezi.

M'kalata yawo ya Laudato Si' ya mu 2015, Papa Francis anayamikira munthu amene angathe kulipira zambiri koma amasankha kuvala zofunda m'malo mowonjezera kutenthetsa nyumba. Ambiri a ife sitisankha, ndi thumba limene limatisankhira. Komabe nkosangalatsa kuona kuti Papa anabwerera pomwe Benedict Woyera anayambira.

Pali chinthu chimodzi chimene amonke aja anali nacho chimene ife tilibe, ndipo achinyamata okhala m'tinyumba ta lendi achimvetse bwino. Moto wawo unali ndi chumuni chachikulu chotulutsira utsi kunja. Mbaula yathu ilibe. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenaka nkupha munthu ali m'tulo. Tiothe zenera lili lotsekula, ndipo tisanapemphere pemphero la usiku mbaula ikhale itatuluka panja.