Drua, Bwato Limene Achinyamata a ku Fiji Akulidzutsa

Kalekale amisiri a pa zilumba za Lau, makamaka Kabara ndi Fulaga, ankasema drua, mabwato awiri olumikizidwa ndi thandala pakati. Mtengo wake unali vesi. Msomali sunkalowapo: matabwa ankawasoka ndi chingwe cha makoko a kokonati chotchedwa magimagi, ndipo thanga lokolera mphepo linkalukidwa ndi masamba a pandanus. Chodabwitsa n'chakuti drua silinkatembenuka. Akafuna kubwerera, amalinyero ankangosamutsira thangalo kumapeto enawo, kumbuyo n'kusanduka kutsogolo. Njira ya ku Tonga ankaiwerenga pa nyenyezi, mafunde ndi mbalame.

Zombo za azungu zitachuluka, kenako mainjini, lusoli linazilala. Drua lotchedwa Ratu Finau, losemedwa ku Fulaga mu 1913, lero lili m'nyumba ya Fiji Museum ku Suva.

Koma kuyambira 2010, bwato la Uto ni Yalo, ngakhale si drua lenileni, lakhala sukulu yoyandama. Anyamata ndi atsikana amaphunzirapo kukoka zingwe, kugwira chiwongolero ndi kuloweza pomwe nyenyezi zimatulukira. Mpake kutero, poti mafuta amadula pa zilumba zakutali, pamene mphepo salipira. Mu 2011 bwatoli linafika ku Hawaii ndi ku San Francisco.