Chikasu ndi buluu: kodi UDF ingolowa mu DPP?

Agogo anga a ku Ntaja akusungabe chitenje chachikasu cha 1994 m'sutikesi mwawo. Amati chaka chimenecho anavina mpaka mbandakucha, poti mwana wa kwathu ku Machinga, Bakili Muluzi, anali atagonjetsa Kamuzu Banda. UDF inapeza mipando 85 mwa 177 ya ku Nyumba ya Malamulo. Lero anzanga kuno ku koleji amandifunsa monyogodola kuti, "Bwanji chipani cha kwanucho osangochithira mu DPP, nkhani ithe?"

Funsoli lili ndi mutu, chifukwa zipani ziwirizi n'zamchombo umodzi. Bingu wa Mutharika anawina mu 2004 pa tikiti ya UDF, Muluzi akumuchitira kampeni, ndipo mu February 2005 anatuluka n'kuyambitsa DPP. Ukamva malonjezo awo, ndi omwewo: bizinesi, misewu, fetereza wotsika mtengo. Kunja zoterezi zinachitikapo. Ku Canada, zipani ziwiri za mfundo zofanana, Canadian Alliance ndi Progressive Conservative, zinatopa kulimbirana mavoti, zinaphatikizana mu 2003, ndipo mu 2006 Stephen Harper anatenga boma.

Komabe ndikayang'ana mbiri ya maukwati a UDF, mtima umandikayikitsa. Mu 2009 Muluzi ataletsedwa kuimanso, anthu athu anauzidwa kuti avotere John Tembo wa MCP, chipani chomwe anachikana mu 1994. Bingu anawina mosavuta, UDF n'kutsala ndi aphungu 17. Mu 2014 Atupele Muluzi anapeza mavoti pafupifupi 14 pa 100 alionse, kenako analandira unduna m'boma la Peter Mutharika. Chaka chotsatira aphungu ambiri a UDF anasamukira ku mabenchi a boma. Malemu Lucius Banda, phungu wa Balaka North, anakana kusuntha, ndipo mu 2018 anapita ku UTM. Pofika 2019 mavoti a Atupele sanakwane 5 pa 100, ndipo anataya ngakhale mpando wake wa Machinga North East, womwe anaugwira kuyambira 2004. Mu June 2020 anaima ngati womutsatira Mutharika, awiriwo n'kugonja kwa Lazarus Chakwera.

AFORD inayenda njira yomweyi. Inali ndi mipando 36 mu 1994, Chakufwa Chihana n'kulowa m'boma la Muluzi ngati wachiwiri wina kwa pulezidenti. Mu 2009 inatsala ndi phungu mmodzi.

Chimene ndikuona m'mbiri yonseyi n'chakuti mapangano amenewa ankagwirizanidwa ndi akuluakulu okhaokha. Mtsogoleri ankapeza unduna ndi galimoto, pomwe mlimi wa nandolo ku Nsanama ndi mlimi wa thonje ku Ulongwe ankangomva pa wailesi kuti kuyambira lero tili uku. Palibe anawaonetsa pepala lonena zimene dera lawo lipindule. Kuphatikiza zipani kotheratu kukachitika mwa njira yomweyi, kudzangomalizitsa zomwe zinayamba kale: mavoti a Machinga ndi Balaka adzakhala a m'thumba, ndipo voti ya m'thumba munthu saivutikira.

Ndikudziwa chimene anzanga angayankhe. Mu September 2025 Mutharika anabwerera m'boma ndi mavoti oposa theka popanda UDF, choncho chipani chachikasu chilibe chokwezera mtengo. N'zoona kuti ulendo umenewo sichinafunike. Koma chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020 chinakhazikitsa kuti pulezidenti azipeza mavoti oposa theka, ndipo si chisankho chilichonse chimene chipani chachikulu chidzafikepo mosavuta. Tsiku limene padzasowe mavoti ochepa, chipani chaching'ono chokhala ndi anthu ake chidzatha kunena zofuna zake. Chomezedwa sichidzakhala ndi pakamwa.

Maganizo anga ndi awa: UDF isadzithire mu DPP. Ikafuna mgwirizano, mfundo zake zilembedwe, ziwerengedwe pa msonkhano waukulu wa chipani, ndipo mamembala avotere. Zikhale za madzi, masukulu ndi misika ya mbewu, tisamangomva za maunduna. Ngati atsogoleri sangathe kuchita zimenezi, mamembalawo asankhe ena.

Tchuthi chapitachi ndinafunsa agogo ngati angavale chitenje chabuluu. Anaseka, n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, ayambe abwera adzandifunse. Chiyambire 1994 sindinafunsidwepo kanthu."