Mikanda, Makoza ndi Mphande: Chuma Chimene Makolo Anatisiyira

(Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi wa m'boma la Blantyre. Taisindikiza kuti mafumu ndi alimi aiwerenge pa misonkhano yawo.)

Lero sitikamba za manyowa kapena za akalozera. Tikamba za timatumba timene amayi okalamba amabisa pansi pa sutikesi ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi kwa Machinjiri, ndiponso m'midzi imene iwo anachokera. M'timatumba timeneti mumakhala mikanda yakale, zibangili za mkuwa, khoza limodzi kapena awiri, mwinanso mphande yoyera. Mwini wake akamwalira, ana amalimbirana mipando, malata ndi njinga, koma kathumbako amakataya, kapena kukagulitsa kwa munthu wodutsa pa mtengo wogulira mchere. Kumene wogulayo akupita nako, mtengo wake ndi wina. Kodi mlendoyo akuonamo chiyani chimene ife eni ake sitikuchiona?

Tiyambe taona mmene Azungu amachitira ndi zawo. Ku Ulaya kuli malonda aakulu a zodzikongoletsera zakale, monga mphete, ndolo, ndi mapini a golide kapena siliva amene akazi amatsomeka pa chovala pachifuwa. Wogula amayamba watembenuza chinthucho kuti aone chidindo cha amene anachisula. Ku Mangalande siliva weniweni amadindidwa kachithunzi ka mkango, ndipo kampani zotchuka monga Cartier, imene inayamba ku Paris m'chaka cha 1847, zimalemba dzina lawo pa chilichonse chimene zapanga. Akaona chidindocho, wogula amafunsa kuti, "Anavala ndani?" M'chaka cha 1987 mu mzinda wa Geneva munagulitsidwa zodzikongoletsera za malemu Duchess of Windsor, mkazi wa Edward VIII amene anatula ufumu wa Mangalande mu 1936. Zinagulidwa pafupifupi madola 50 miliyoni, kuposa kwambiri mtengo umene ogulitsa ankayembekeza. Golide wake sanali wosiyana ndi golide wina aliyense. Anthu ankagula mbiri ya mwini wake.

Zathu zilibe chidindo chotere, koma mbiri zili nayo, ndipo ndi yaitali kuposa mzinda wa Blantyre.

Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi, katswiri wa zofukulafukula Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda ya galasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya mchere, mapale a mbale za ku China, mkuwa, ndi zidutswa zambiri za minyanga ya njovu zoonetsa kuti pamalopo ankasemerapo makoza. Zonsezi anazilemba m'buku limene linatuluka mu 2020. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa kudzera m'dziko la Amaravi, ndipo mafumu a m'njira ankawapatsa nsalu ndi mikanda kuti amulole kudutsa. Mukuona tsono kuti mkanda sunali choseweretsa. Unali ndalama, unali mphatso ya pabwalo la mfumu, unalinso chindapusa cha mlandu.

Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859 ndi kuyenda m'mapiri athu ano, anapeza Amang'anja akusungunula chitsulo m'ng'anjo zawo, akulima thonje ndi kuomba nsalu. Anaona akazi atavala mphete za mkuwa ndi chitsulo m'zala, m'manja, m'khosi ndi m'miyendo. Anaonanso mphete ya pamlomo wam'mwamba, imene iye analemba dzina lake kuti pelele; osauka ankavala ya nsungwi, olemera ya mnyanga. Cha m'zaka zomwezo Ayao anayamba kulowa kuno, ndipo maina a mafumu awo, monga Kapeni ndi Machinjiri, tikuwatchulabe lero. Akazi awo ankadziwika ndi chipini cha pamphuno. Ayao ndiwo ankadziwa njira ya ku gombe la nyanja ya mchere, kumene ankapita ndi minyanga ndi kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi waya wa mkuwa. Pano tisabise mawu: m'maulendo amenewo munkapitanso anthu atamangidwa m'magoli. Mikanda ina imene ili m'timatumba tathu inali mtengo wa munthu. Ichi sichifukwa choitayira, koma ndi chifukwa chouzira ana zoona zake.

Pa zonsezi, chimene chinali cholemekezeka koposa ndi mphande. Achinyamata ambiri sanaionepo. Mphande ndi tsinde la chigoba cha nkhono ya m'nyanja ya mchere, lodulidwa ndi kupalidwa mpaka kukhala kambale koyera kokhala ndi mzere wopiringizika. Inkavalidwa pachifuwa kapena pamphumi, ndipo ovala ake anali mafumu ndi anthu olemekezeka. Mu 1854, kumtunda kwa Zambezi, mfumu Shinde ya Alunda inapatsa Livingstone mphande imodzi, ndipo iye anauzidwa kuti ziwiri zotere zikhoza kugula kapolo, zisanu zikhoza kugula mnyanga wa njovu wa mtengo wa mapaundi khumi. Ku Ingombe Ilede, m'dziko la Zambia, manda amene anafukulidwa mu 1960 anaonetsa anthu ataikidwa ndi mikanda ya golide, mkuwa ndi mphande zomwezi. Amalonda a ku Ulaya ataona kuti anthu akuzifuna chotere, anayamba kuumba zonamizira ndi dothi lopangira mbale ndi makapu, ndi kubwera nazo zambirimbiri. Chinyengo cha malonda sichinayambe lero ayi. Mphande yeniyeni siikhala yoyera mbee. Imaderako, ndipo pabowo pake pamakhala podyeka ndi chingwe. Zoumba zimafanana zonse ngati njerwa za chikombole chimodzi. Komabe ngakhale youmbayo, ngati inavalidwa ndi agogo a agogo anu, yakhalitsa ndipo ndi yofunika kuisunga.

Mwina mufunsa kuti n'chifukwa chiyani makolo ankavala chuma chawo pathupi. Taganizani za chaka cha 1884, pamene Angoni a Chikuse anawoloka Shire ndi kuthira nkhondo midzi ya kuno. Anthu anathawira m'mapiri monga Ndirande, ena ku Mishoni ya Blantyre imene inali itakhazikitsidwa mu 1876. Nkhokwe sungainyamule pothawa, ndipo mbuzi imalira n'kukuulula pamene wabisala. Koma zibangili ndi mikanda zimapita kumene mwini wake wapita, ndipo pa nthawi ya njala zinkasinthanitsidwa ndi mapira. Imeneyi ndiyo inali banki ya mayi.

Zinthu zinasintha msanga. Kampani ya African Lakes, ya kwa Mandala, inayamba mu 1878 ndipo inkabwera ndi nsalu ndi mikanda yogulira minyanga. Boma la Atsamunda litakhazikika mu 1891 kunabwera msonkho, ndipo ndalama zachitsulo zinalanda malo a mkanda. Masitolo a Amwenye ku Blantyre ndi ku Limbe anadzaza ndi mikanda yotsika mtengo. Mphete ya pamlomo inatha. Chimene chinakhalitsa ndi mikanda ya m'chiuno, imene anamkungwi ndi agogo aakazi amadziwa mwambo wake, ndipo pa wailesi pano sitipitirira pamenepo. Njala ya 1949, imene inavuta kwambiri m'boma lino la Blantyre, inatulutsa katundu wambiri m'nyumba za anthu. Choncho chimene chatsala m'kathumba lero chapulumuka nkhondo, msonkho ndi njala.

Palinso chuma china chovala pachifuwa chimene chili m'nyumba zambiri. Ndikunena mamendulo a asilikali a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, limene chipilala chake chili ku Zomba. Mamendulo a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ali ndi dzina ndi nambala ya msilikali m'mphepete mwake, ndipo osonkhanitsa zinthu zakale a kunja amawafuna chifukwa cha dzinalo. Inu mafumu, ena mwa inu muli ndi mendulo ya siliva imene Mfumu ya ku Mangalande inayamba kupereka kwa mafumu mu 1920.

Tsono tichite chiyani? Ine ndine mlangizi wa zaulimi, ndipo ndimaona chaka ndi chaka alimi akugulitsa chimanga kwa mavenda mwezi wa Meyi, kenaka n'kukachigulanso mu Januwale pa mtengo wowirikiza. Chimanga tikhoza kulimanso. Chibangili cha agogo chikapita kwa ogula zitsulo zakutha, amachiika pa sikelo pamodzi ndi mawaya ndi mipope, ndipo sichidzabweranso.

Ntchito yoyamba siifuna ndalama. Agogo akadali moyo, mwana wa sukulu atenge kope ndi pensulo, akhale nawo pamphasa, atulutse chinthu chimodzichimodzi ndi kufunsa: anakupatsani ndani? Iye anachitenga kuti? Anali wa mudzi uti, wa mfunda wanji? Chinkavalidwa pa chinamwali, pa ukwati kapena polonga ufumu? Pepala limenelo likhale m'kathumba momwemo. Ichi ndicho chidindo chathu. Popanda pepalalo, mdzukulu adzangoona timikanda tothimbirira. Musakweche mkuwa ndi mchenga kapena phulusa kuti uwale, chifukwa odziwa amaufuna uli wodera momwemo. Mikanda musaitunge pamodzi ndi yapulasitiki ya pamsika. Mkanda wagalasi umazizira ukaugwira ndipo umalemerako. Wapulasitiki ndi wopepuka.

Mafumu ndi anyakwawa, inu ndinu amene mumakhalapo pogawa katundu wamasiye. Funsani ngati malemu anasiya zoterezi, ndipo abale agwirizane pamaso panu amene adzazisunge m'dzina la banja lonse. Kuno kwathu zambiri zinkayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wake wamkazi. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye, ndipo munthu akhoza kulemba mu wilo amene akufuna kuti adzalandire mikanda yake.

Pa za makoza ndichenjeze mwamphamvu. Malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa mu 1989. Mu 2016 ku Mzuzu kunatenthedwa matani 2.6 a minyanga, ndipo lamulo la nyama zakutchire litakonzedwa mu 2017, chilango chikhoza kufika zaka 30 m'ndende. Wina akabwera usiku kuti mumugulitse khoza, akukutengerani tsoka pakhomo. Amene ali nalo la makolo akafunse ku Dipatimenti ya Nyama Zakutchire za mmene angalisungire movomerezeka. Lamulo la zipilala ndi zinthu zakale la 1990 nalonso sililola kufukula malo akale kapena kutumiza kunja zinthu zamakedzana popanda chilolezo.

Amene ali pafupi apite ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri. Inayambira kwa Mandala mu 1960, ndipo nyumba ya ku Chichiriyo inatsegulidwa mu 1966. Pitani ndi ana, muone zinthu za makolo zimene zili kumeneko, mufunse antchito ake za zimene muli nazo kunyumba. Ndipo inu alimi, khasu likatukula mikanda, mapale a miphika yakale, mafupa kapena zotsalira za ng'anjo pamene mukugalauza, lekani kukumba pamalopo. Ikanipo chizindikiro, muuze a mfumu, ndipo a mfumu akanene ku ofesi ya a DC, kuti odziwa abwere adzaone zinthuzo zikadali m'nthaka mmene zinagonera.