Nkhono za Warington

Ndikaona nkhono ikukwawa pagalasi la thanki yanga ya nsomba, ndimakumbukira Robert Warington, katswiri wa sayansi ya mankhwala wa ku London. Mu 1850 iye adafotokozera anzake zomwe adapeza. Adaika nsomba ziwiri zagolide ndi chomera cha Vallisneria m'chotengera chagalasi. Masamba akale atayamba kuola, madzi adada, ndere n'kumera ponseponse. Ndiye adaponyamo nkhono zochepa za m'dziwe. Zidadya zoolazo, madzi n'kuyeranso, ndipo tiana take tidasanduka chakudya cha nsomba.

Kuyambira pamenepo nkhono yakhala wantchito wa m'thanki, koma chimandipweteka n'chakuti ambirife timaiwala nyumba yake. Chigoba chimamangidwa ndi kashiamu. Madzi akachuluka asidi, pH n'kutsika pansi pa 7, chimayamba kuyera kunsonga, kenako chimakumbika timaenje. Zanga zidatero chaka choyamba, ndipo mbali yodyekayo sidabwererenso.

Pofuna kuteteza zigoba, lero ndimaika m'thankimo miyala ya korali yoperapera ndi masamba owiritsa pang'ono. Inunso yezani madzi anu musanagule nkhono.