Ndalama za Kafukufuku ndi Oziweruza: Mbiri ya ku Copperbelt Kuyambira 1935

Mawu Oyamba

Kafukufuku amafuna ndalama, ndipo kumene kuli ndalama za boma kumakhalanso anthu oweruza kuti woyenera kuzilandira ndani. Nkhani ino ikulondola mbiri ya chiweruzo chotere m'matauni a migodi ya mkuwa ku Zambia, monga Kitwe, Ndola ndi Luanshya. Derali ndi limodzi mwa madera a mu Africa amene akatswiri a zachikhalidwe analembapo kwambiri, choncho ndi malo abwino oonerapo momwe ndalama zimasankhira funso, munthu wolifunsa ndiponso malo ololedwa kulifunsira. Tiona kuti pempho la wofufuza linkadutsa pazipata zitatu: cha mwini ndalama, cha akatswiri anzake, ndi cha mwini malo. Tionanso kuti maphunziro a ziyankhulo sanali pakati pa zofuna za eni ndalama, ngakhale kuti kafukufuku yense ankadalira chiyankhulo.

Chiyambi Chake: Sitalaka ya 1935

M'mwezi wa Meyi 1935 anthu akuda ogwira ntchito m'migodi ya Mufulira, Nkana ku Kitwe ndi Roan Antelope ku Luanshya ananyanyala ntchito boma litakweza msonkho wa anthu okhala m'matauni. Ku Luanshya apolisi anawombera khamu la anthu ndi kupha asanu ndi mmodzi. Boma la atsamunda linadzidzimuka, popeza linkakhulupirira kuti wogwira ntchito mumgodi ndi munthu wakumudzi amene wangobwera kudzapeza ndalama ya msonkho, ndipo kuti akuluakulu oimira mitundu m'komboni ndi okwanira kumuwongolera. Sitalakayo inaonetsa kuti boma silinkawadziwa anthu amene linkawalamulira.

Bwanamkubwa wa Northern Rhodesia, Hubert Young, ndiye analimbikira kuti pakhale bungwe lofufuza za moyo wa anthu. Bungwe la Rhodes-Livingstone Institute linakhazikitsidwa mu 1937 ku Livingstone, ndipo mkulu wake woyamba, Godfrey Wilson, anayamba ntchito mu 1938. Pa nthawi imeneyi kunalibe mpikisano wolimbirana ndalama. Bungweli linkayendera zopereka za boma ndi za makampani, kuphatikizapo a migodi, ndipo linkalamulidwa ndi gulu la matrasti limene wapampando wake anali bwanamkubwa mwini. Motero opereka ndalama ndi oweruza ntchito anali anthu amodzimodzi.

Zotsatira zake zinaoneka msanga. Wilson anakachita kafukufuku m'tauni ya mgodi ya Broken Hill, imene lero ndi Kabwe. Ankayankhula ndi antchito m'Chibemba, ndipo ankacheza nawo momasuka, zimene azungu a pamgodi sanakondwere nazo. Mu 1940 kunachitikanso sitalaka ku Copperbelt, ndipo ku Nkana asilikali anawombera antchito, anthu 17 n'kufa. M'chaka chomwecho kampani inalanda Wilson chilolezo cholowera m'komboni, ndipo pambuyo pake iye, amenenso ankakana nkhondo chifukwa cha chikumbumtima chake, anatula pansi udindo. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1941 ndi 1942 m'buku la magawo awiri lotchedwa An Essay on the Economics of Detribalization in Northern Rhodesia. Ntchitoyo inali yabwino, koma sinathe kupitirira chifukwa chipata cha mwini malo chinatsekedwa.

Thumba la ku London ndi Akatswiri Oweruza

Mu 1938 Lord Hailey anatulutsa buku lalikulu lotchedwa An African Survey, momwe anapempha kuti boma la Britain lizipatula ndalama za kafukufuku m'maiko amene linkalamulira. Lamulo la Colonial Development and Welfare la 1940 linalola kuti mapaundi 500,000 azipita ku kafukufuku chaka chilichonse, ndipo lamulo lina la 1945 linakweza ndalamazo kufika pa mapaundi 1,000,000 pachaka. Ndalamazi zinali za nthambi zonse za maphunziro, monga ulimi, zamankhwala, nsomba ndi nkhalango, kotero ofufuza zachikhalidwe ankalimbirana thumba limodzi ndi asayansi.

Pofuna kuti ndalamazo zisagawidwe mwachisawawa, mu 1942 kunakhazikitsidwa komiti yoona za kafukufuku imene Hailey anaitsogolera, ndipo mu 1944 kunabadwa bungwe la Colonial Social Science Research Council. Wapampando wake anali Alexander Carr-Saunders wa ku London School of Economics, mlembi wake woyamba anali Raymond Firth, ndipo mmodzi wa mamembala ake anali Audrey Richards, amene anali atafufuza kale pakati pa Abemba. Apa ndi pamene panayambira njira imene tikuidziwa lero, yoti pempho la katswiri liwerengedwe ndi akatswiri anzake. Komabe bungweli linali lolangiza chabe. Linkaunika pempho ndi kupereka maganizo ake kwa nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain, ndipo nthambi yosunga chuma cha boma inkayenera kuvomereza ndalama zisanatuluke. Kuwonjezera apo, palibe wofufuza amene akanagwira ntchito m'dziko popanda boma la atsamunda la m'dzikolo kumulola.

Oweruzawo ankafunsa mafunso awiri amene nthawi zina ankakokana. Loyamba linali la sayansi: kodi funsolo n'lomveka, njira yake n'njodalirika, ndipo munthuyo anaphunzira mokwanira? Lachiwiri linali la boma: kodi zotsatira zake zidzathandiza pa ulamuliro ndi chitukuko? Wopempha wanzeru ankayenera kuyankha onse awiri m'kalata imodzi.

Max Gluckman, amene analowa m'malo mwa Wilson, anazindikira zimenezi. Mu 1945 anasindikiza ndondomeko ya kafukufuku wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mfundo yake yaikulu inali yoti mudzi ndi mgodi si maiko awiri osiyana, koma mbali ziwiri za moyo umodzi, popeza mwamuna amene ali ku Nkana ndi yemweyo amene wasowa pa ntchito ya kumunda kwao. Anapempha kuti mitundu ya anthu isankhidwe moti ifanizidwe: otsata kuchikazi ndi otsata kuchimuna, oweta ng'ombe ndi osaweta, okhala pafupi ndi njanji ndi okhala kutali. Ndondomeko yotere inakomera akatswiri chifukwa inali ndi dongosolo la kufananitsa, ndipo inakomera boma chifukwa inakhudza nkhani ya anthu opita kukagwira ntchito kutali. Ndalama zinaperekedwa, ndipo mu 1946 ofufuza atsopano anafika.

Ife a Chichewa tinapindula nazo ndalamazi mosayembekezera. John Barnes anapita kwa Angoni a ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Clyde Mitchell anapita kwa Ayao a ku Nyasaland. Max Marwick anafufuza za ufiti pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Northern Rhodesia, ndipo buku lake linatuluka mu 1965. Pambuyo pake Jaap van Velsen anakhala pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay. Thumba lomwelo la ku London linathandizanso bungwe la International African Institute kusindikiza mabuku ofotokoza mitundu ya anthu, ndipo limodzi mwa iwo ndi la Mary Tew la 1950 lonena za anthu ozungulira nyanja ya Nyasa.

Chipata cha Mwini Malo

Chodabwitsa n'chakuti bungwe limene linabadwa patangopita zaka ziwiri chichitikire sitalaka ya m'migodi linadikira mpaka 1950 kuti liyambe kafukufuku wokhazikika ku Copperbelt. Akatswiri a ku London akanatha kuvomereza pempho, koma makomboni a migodi anali m'manja mwa makampani. Mitchell, amene anadzakhala mkulu wa bungweli mu 1952, anayambitsa kalembera wa anthu a m'matauni a migodi pogwiritsa ntchito gulu la othandizira achikuda. Kuchokera m'ntchito imeneyi munatuluka buku la The Kalela Dance la 1956, lofotokoza gule wina amene Mitchell anamuona ku Luanshya. Iye anaonetsa kuti mtundu wa munthu m'tauni uli ndi tanthauzo lina losiyana ndi la kumudzi: ndi njira yodziwira momwe ungakhalire ndi mlendo amene wakumana naye kuntchito kapena kumowa.

A. L. Epstein anakumana ndi zomwe zinagwera Wilson. Pamene ankafufuza ku Luanshya, akuluakulu a mgodi anamuletsa kugwira ntchito m'komboni yawo, ndipo anadalira kwambiri ubale wake ndi bungwe la antchito a m'migodi, limene linakhazikitsidwa mu 1949 motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu. Buku lake la 1958, Politics in an Urban African Community, likufotokoza momwe mphamvu zinachokera kwa akuluakulu oimira mitundu kupita kwa atsogoleri a bungwe la antchito. Pambuyo pake anakafufuza ku Ndola, tauni ya malonda ndi maofesi a boma, kumene kunalibe kampani imodzi yolamulira moyo wonse wa anthu. Tinganene kuti chiletso chinasintha zimene wofufuza anatha kuona, ndipo potero chinasintha zimene ife timawerenga lero.

Panalinso chiweruzo china chimene sichinkalembedwa pa pepala lililonse. Boma la Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland litakhazikitsidwa mu 1953, anthu a m'matauni ankakayikira mzungu aliyense wobwera ndi mafunso ndi kope. Amene ankatsegula khomo anali othandizira achikuda, monga Simon Katilungu, amene pambuyo pake analowa ndale ndi kukaimira Zambia ku London. Lyn Schumaker, m'buku lake la 2001 lotchedwa Africanizing Anthropology, anaonetsa kuti anthuwa sanali omasulira wamba, koma ofufuza amene ankafunsa mafunso, kulemba zochitika ndi kutanthauzira zimene ankamva. Komabe palibe mmodzi wa iwo amene anali pa gulu loweruza mapempho ku London.

Malo a Chiyankhulo

Ku Copperbelt kunasonkhana anthu oyankhula Chibemba, Chilamba cha eni dera, Chinyanja, Chilozi, Chiluvale ndi zina zambiri, ndipo pansi pa mgodi akapitawo ankalamula m'Chikabanga. Anthu ochokera ku Nyasaland anali ambiri pa ntchito za ukalaliki chifukwa cha sukulu za mishoni za kwawo. Dera lotere linali munda wachonde kwa katswiri wa ziyankhulo. Koma mafunso amene ndalama zinkatsata anali a ntchito, nyumba, makhoti ndi ulamuliro. Nkhani ya Epstein ya 1959 yonena za mawu atsopano a m'Chibemba cha m'tauni inali mphukira chabe ya kafukufuku wa nkhani zina.

Zambia italandira ufulu mu 1964, bungwe la Rhodes-Livingstone linalowa pansi pa University of Zambia, ndipo mu 1971 linatchedwa Institute for African Studies. Kafukufuku wamkulu wa kagwiritsidwe ndi kaphunzitsidwe ka ziyankhulo m'dzikomo anachitika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, koma ndi ndalama za Ford Foundation ya ku America. Zotsatira zake ndi buku la Language in Zambia la 1978, lokonzedwa ndi Sirarpi Ohannessian ndi Mubanga Kashoki. Kashoki yemweyo anali atafotokoza kale maonekedwe a Chibemba cha m'tauni mu 1972. Apa tikuona kusintha kwenikweni: Mzambia tsopano anali mlembi, osati wothandizira. Koma thumba linali lakunja.

Zaka za Ufulu

Boma latsopano linakhazikitsa National Council for Scientific Research mu 1967. Ku Ndola kunatsegulidwa Tropical Diseases Research Centre mu 1975 mothandizidwa ndi World Health Organization, ndipo ku Kitwe kunakhazikitsidwa Copperbelt University mu 1987. Tsoka lake, mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo boma limene linkadalira mkuwa linasowa ndalama zothandizira ofufuza ake. Lamulo la sayansi ndi luso la 1997 linabweretsa National Science and Technology Council, imene inapatsidwa ntchito yoyang'anira kafukufuku ndiponso, patsogolo pake, yogawa ndalama za thumba la Strategic Research Fund kudzera mumpikisano. Lamulo la 2013 linakhazikitsa National Health Research Authority yopereka chilolezo cha kafukufuku wa zaumoyo. Zipata zitatu zija zinakhalapobe: boma litchula nkhani zimene likuziona kuti n'zofunika, akatswiri awerenga mapempho ndi kuwasanja, ndipo wina apereka chilolezo. Chimene chinasintha n'chakuti makiyi a zipatazo anabwera m'manja mwa nzika za dziko.

Mawu Omaliza

Mbiri iyi ikutiphunzitsa zinthu zitatu. Choyamba, kuweruza kwa akatswiri kunali kwabwino kuposa chifuniro cha bwanamkubwa ndi makampani, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma gulu la oweruza limaona zokhazo zimene mamembala ake anaphunzira kuona. Chachiwiri, mpikisano umayamba pempho lisanalembedwe, pa nthawi imene mwini ndalama akusankha nkhani zofunika. Ngati chiyankhulo sichinatchulidwe pa mndandanda umenewo, pempho la mtanthauziramawu kapena la galamala silingapambane, ngakhale litalembedwa mwaluso. Chachitatu, Gluckman anapambana chifukwa anaonetsa kuti funso lake la sayansi ndi vuto la boma zinali chinthu chimodzi. Ife aphunzitsi ndi ofufuza a ziyankhulo tili ndi umboni wokwanira wochitira chimodzimodzi: mwana amene akuphunzira kuwerenga, wodwala amene akufotokoza matenda ake, ndi woimbidwa mlandu m'khoti, onse amadalira chiyankhulo. Ntchito yathu ndi kulemba mapempho otere, ndiponso kupempha mpando pa magulu amene amasankha nkhani ndi kuweruza mapempho.